Buledi wa mayi wachiyuda ku Kande

Ndikanunkhiza buledi wogonetsa, khutu langa lakumanzere limayamba kulira.

Ndili mwana, amayi ankachapa zovala pa loji ina ya alendo m'mbali mwa nyanja ku Kande. Tsiku lina magalasi a mlendo, mayi wachiyuda, anasowa, ndipo iye analoza ine. Abambo, mkulu wa mpingo wathunthu, sanafunse n'komwe. Anangondiwomba khofi pakhutu.

M'mawa mwake mayiyo anabwera kwathu, magalasi ali kumaso. Anandigwadira pamchenga, ine kamwana ka mamina, amayi akumasulira.

"Akuti pepa. Akuti kwawo chaka chikamayamba, Mulungu sakhululuka usanapepese amene unamulakwira."

Kenako tonse, ndi abambo omwe, tinatsikira kunyanja. Mayiyo ankanyema buledi wogonetsa n'kumaponya m'madzi, akuti machimo apite nawo. Tinsomba tinadzadza kuti waa, kulimbirana nyenyeswa. Anandipatsa chidutswa kuti nanenso ndiponyeko.

Abambo anaseka mpaka mimba kugwedezeka m'jekete lawo la kutchalitchi. "Zachibwana! Machimo n'kudyetsa nsomba?"

Ndinawatembenuzira khutu lotupalo, kudikira kamawu kamodzi kokha. Iwo anangonditsomphola buledi uja m'manja, n'kuyamba kutafuna kukamwa kuli yasa.