Mendulo Imene Inagwa M'fumbi

Amuna anga ndi munthu wa njinga. Ndinawapeza ali choncho ku Ntcheu, akunyamula matumba a kachewere kupita nawo kumsewu, ndipo titasamukira ku Joni sanasinthe. Tinkakhala ku Diepsloot, m'kanyumba ka malata kamene kumeneko amati mkhukhu. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, iwo ankagwira pa fakitale ina ku Kya Sand. Ana athu awiri tinawasiya kumudzi ndi mayi anga. Wamng'onoyo ndinamusiya atangoleka kuyamwa, moti tikaimba foni ankati, "Muli bwanji anti?" Ndinkaseka kuti mayi asadandaule, koma ndikatsitsa foni ndinkalira. Ndinkafuna kubwerera kwathu mwanayo asanandiiwaliretu, basi, panalibenso china chimene ndinkafuna ku Joni.

Kufakitaleko amuna anga anapeza mnzawo wa ku Chipata, munthu wamtali moti polowa m'nyumba mwathu ankawerama ngati akupepesa. Ndinkawatcha alamu. Akafika ankangoti, "Mulamu, nipaseniko manzi," n'kugugudiza jagi yonse ali chiimire. Awiriwa ankapalasa limodzi popita ku ntchito, kudulira kuthengo kuti asalipire tekisi. Bwana wawo, amene ankakonda mipikisano ya njinga za m'mapiri, ataona zimenezi anawabwereka njinga zake zakale ziwiri n'kuwalembetsa mpikisano. Njinga ya alamu inali ndi vuto limodzi. Tayala lakumbuyo linkalira tche, tche, tche, ndipo amakaniko onse amene analigwirapo analephera kuletsa kaphokosoko. Alamu akamabwera tinkawadziwa asanakhote pa sipaza, kagolosale ka pakona pathu.

Mpikisanowo unali wa masiku atatu, m'mapiri a kumadzulo kwa Joni. Opalasa ankayenda awiriawiri, ndipo nthawi ya tsiku lililonse inkaphatikizidwa mpaka tsiku lomaliza. Lamulo lalikulu linali lakuti munthu asasiyane ndi mnzake kupitirira mphindi ziwiri. Mukasiyana kuposa apo, amakuwonjezerani ola lathunthu, ndiye kuti mphoto muiwale. Gulu la anthu ochokera m'makomboni linali ndi mphoto yakeyake. Theka lake linali lokwanira kuti ife tikwere basi, tikafolere nyumba n'kutsegula kagolosale. Kunena zoona ndalama imeneyo ine ndinali nditaidya kale m'mutu, ngakhale mtundu wa penti ndinali nditasankha.

Pokwera chitunda amuna anga anali opepuka, alamu ankatsala. Potsika zinkasinthana, alamu ankatsika ngati alibe ana. Ndiye pokonzekera mpikisano amuna anga anazolowera kuima pamwamba pa chitunda chilichonse, phazi limodzi pansi, kucheuka n'kuitana, "Tiyeni achimwene, musatsale." Mawuwa anasanduka nthabwala m'nyumba mwathu. Alamu akachedwa kutsiriza tiyi, nanenso ndinkawauza zomwezo.

M'mawa wina m'nyengo yozizira, utsi wa mbaula utaphimba Diepsloot yense, tekisi inagunda alamu podutsa msewu wa tala. Amuna anga anali atawoloka kale. Anakwera chitunda cha kutsidya, anaima pamwamba, n'kumadikira. Anandiuza pambuyo pake kuti anadikira nthawi yaitali ndithu, akukonza zoti amuseke mnzawoyo akafika.

Anthu a ku Zambia ndi a ku Malawi tinasonkherana ndalama za maliro a alamu, bokosi linakwera ngolo yokokedwa ndi minibasi n'kupita ku Chipata. Njinga ija inali itapindika ngati waya, bwana anakaitaya. Ine ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma mayi wina wachizulu amene tinayandikana naye nyumba, amene ndinkamutcha makhelwane, anandifunsa tikuchapa pampopi ngati tinakamutenga munthuyo pamalo pamene anagwera. Anati kwawo amapita ndi kanthambi, kumuitana womwalirayo, kenako kumutsogolera mpaka pabokosi osayankhula ndi aliyense m'njira. Ndinamuyankha kuti ife ndife a mpingo, zimenezo sitichita. Koma pakamwa panga ndi pomwe panalakwa, ndinakawafotokozera amuna anga ngati nkhani yoseketsa.

Iwo sanaseke. Lamlungu masana anatenga njinga n'kupita pamsewu paja okha, opanda nthambi, opanda wamkulu aliyense wowalangiza. Mawu oyenera sankawadziwa, ndiye ananena okhawo amene ankadziwa: "Tiyeni achimwene, musatsale." Kenako anapalasa kubwerera kunyumba. Makhelwane atamva anaomba m'manja n'kugwira pakamwa. Anati, "Bokosi linapita kale. Nanga munthuyo mwamutsogolera kuti?"

Zimene ndilembe apa ndinazimva ndi makutu angawa, ndipo sindimwa mowa. Amuna anga akaweruka ankafika dzuwa likadali pamwamba pa malata. Ankatsika, n'kutsamiritsa njinga pakhoma. Pakapita kanthawi pang'ono, kuchokera ku sipaza kuja, ndinkamva tche, tche, tche, kukubwera pang'onopang'ono m'kanjira kathu, kenako n'kusiya pakhomo penipeni. Ndikasuzumira, m'kanjiramo munali ana akusewera mpira ndi madzi akuda akuyenda m'ngalande. Agalu a pasipaza sankauwa amuna anga. Ankawasiya adutse, n'kudzauwa pambuyo, atayang'ana pamene panalibe munthu. Tsiku lina ndinadzipeza nditadzaza jagi ya madzi, nditaima nayo pakhomo. Ndinaithira pansi, ndipo sindinauze aliyense.

Bwana sanafune kuti malo a mpikisano apite pachabe. Anapeza bambo wina wa ku Blantyre, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, wa miyendo yamphamvu komanso waulemu wake. Atapalasa limodzi milungu ingapo, bamboyo anandipatula n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, pali kanthu. Amuna anu amaima pamwamba pa chitunda chilichonse n'kumayang'ana m'mbuyo, chonsecho ine ndili pambali pawo. Tikachita zimenezi pa mpikisano sitiwina."

Tsiku limenelo ndinawayembekezera amuna anga ndi mkwiyo wonse. Ndinawafunsa kuti amadikira ndani. Anayankha ali chiweramire, akupukuta tcheni, "Ndinamuitana ndine. Ndingamusiye bwanji m'njira?"

Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera. Ndinati alamu ali m'manda ku Chipata, mphoto sakaidya. Ndinati mwana wanu akunditcha anti, inu muli kalikiliki kudikira mphepo. Ndinati mukaluza ndalama imeneyi chifukwa cha misala, mudzaphika nokha. Nditatopa, analonjeza kuti pa mpikisano sadzaima.

Masiku awiri oyamba ine ndinali ku ntchito, madamu amene ndinkawagwirira ntchito sakanandilola. Uthenga unkabwera kudzera kwa bwana wakuti akutsogola gulu lawo, ndipo anzawo awasiya patali. Lamlungu, tsiku lomaliza, ndinakwera kumbuyo kwa galimoto ya bwana mbandakucha n'kukafika asananyamuke. Ndinawapeza amuna anga atakhala panja pa tenti, mbale ya phala ili pamwendo, osaigwira. Maso anali atalowa. Anati, "Ndasunga lonjezo. Koma kuyambira dzulo masana sindinamumve. Tamusiya kutali, ndipo kuno sakudziwako."

Ine ndinati, "Mulungu alemekezeke." Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuvala chisoti.

Pomalizira panali pa famu ina, pabwalo la udzu wouma. Panali nyimbo, fungo la nyama yowotcha, mzungu wina akuyankhula pa chimkuzamawu osapuma, ndi wotchi yaikulu pamwamba pa mzere womalizira. Kuchokera pamenepo tinkaona chitunda chomaliza, ndi kanjira kofiira kotsikira kwa ife. Dzuwa litapendeka pang'ono, anthu awiri ovala malaya achikasu anatulukira pamwamba. Anali athu. A m'gulu lawo panalibe amene anali ataoneka. Ndinadumpha, mpango unagwa, sindinautole.

Bambo wa ku Blantyre anatsika atawerama, akuganiza kuti mnzake ali pambuyo pake, n'kudutsa mzere manja ali m'mwamba. Atacheuka nkhope inasintha. Nanenso ndinayang'ana kuchitunda. Amuna anga anali ataima pamwamba, phazi limodzi pansi, atatifulatira.

Ndinathamanga m'mbali mwa chingwe chotchingira oonerera ndikukuwa. Ndinawaitana ndi ulemu, ndinawaitana mopanda ulemu, ndinatchula ana onse awiri. Mtunda unali wautali, mwina sanamve, mwina anamva. Wa chimkuzamawu uja anachita nthabwala yakuti mwina bamboyo akusirira mapiri, anthu n'kuseka. Wotchi inkangoyenda. Mphindi ziwiri zija zinatha ine ndikuiyang'ana. Awiri a m'gulu lawo anawadutsa pamwamba pomwepo, kenako enanso awiri. Iwo anangoima.

Kenako mphepo inaleka, mbendera zonse zinagwa n'kulendewera. Ndinaona amuna anga akukweza dzanja, monga ankachitira mnzawo akatulukira. Anatembenuza njinga n'kutsika. Chikwatiraneni sindinawaonepo akutsika chitunda motero, osagwira mabuleki, ngati akuthamangitsa munthu amene wawapitirira. Atayandikira mzere anachepetsa liwiro, napatukira mbali imodzi, kusiya malo kumanja kwawo. Pa mipikisano imeneyi anthu awiri akamamaliza amagwirana manja. Amuna anga anatambasula dzanja lamanja, m'mwamba ndithu, zala n'kufumbata. Pakati pa nyimbo ndi phokoso lonselo, ine ndinamva tche, tche, tche, kudutsa pafupi ndi chitenje changa, mpaka kusiya.

Kuseri kwa mzere kunali mayi wina wachizungu, wachikulire, amene ntchito yake inali kuveka mendulo aliyense womaliza. Anaveka amuna anga. Kenako anatenga ina, anayang'ana kumanja kwawo akumwetulira, anaima ndi zala za kumapazi, nakweza manja mmene umachitira ukamaveka munthu wamtali. Anasiya chingwe. Mendulo inagwa m'fumbi. Mayiyo anayang'ana manja ake, anayang'ana uku ndi uku, kumwetulira konse kutatha. Anangopita kukakhala pampando n'kupempha madzi.

Ndinaitola ndine menduloyo. Sindikudziwa chifukwa chake, poti mtima wanga unali wodzaza ndi ukali. Ola lija anawawonjezera, mphoto inapita kwa ena, ndipo tinaonerera anthu achilendo akujambulitsa atanyamula chikwangwani cha ndalama zathu. Bambo wa ku Blantyre anaponya chisoti pansi n'kuchoka osatsanzika, ndipo mpaka lero sindimuimba mlandu. Ine ndinalira pagulu. Sindinkalirira alamu ayi, ndisanamize anthu. Ndinkalirira ndalama, ndi basi imene sitikwera.

Amuna anga anangoti, "Wafika." Anadya mbale ziwiri za chakudya n'kugona m'galimoto njira yonse.

Mlungu wonsewo sindinawayankhule, ngakhale zophika ndinaphika. Kaphokoso kaja sikankabweranso kuchokera ku sipaza. Koma mendulo ndinali nditaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo masana ena ndinaipeza ikugwedezeka chitseko chili chotseka. Makhelwane anati nthawi ino tichite bwinobwino. Tinamva za mayi wina wa ku Chipata, wogula katundu, amene ankadziwa kwawo kwa mkazi wa alamu ndipo ankanyamuka Loweruka. Makhelwane anatilangiza kuti tisayankhule ndi munthu m'njira mpaka tikafike pabasi. Zimenezo sizinativute, tinali osayankhulana kale.

Tinakwera tekisi mpaka m'tauni, mendulo ili m'thumba la malaya a amuna anga, dzanja lili pamwamba pake. Pamalo okwerera mabasi a ku Zambia panali piringupiringu wa masiku onse, zikwama za mizeremizere, mabulangete, mafiriji akukwezedwa m'ngolo. Mayi wa ku Chipata uja anatambasula kansalu, amuna anga anaika menduloyo, iye n'kumanga mfundo. Atakwera, amuna anga anaima pakhomo pa basi, anavula chipewa, nayankhula ndi mawu wamba, ngati akuuza munthu amene ali pa sitepe.

"Achimwene, basi yanu ndi imeneyi. Pitani. Ulendo uno wotsala ndine."

Basi inanyamuka. Tinaima mpaka inakhota. Pobwerera ndinawagulira chimanga chowotcha, ndipo mawu anga oyamba mlungu umenewo anali owauza kuti asamale, n'chotentha. Kuyambira tsiku limenelo sitinamvenso kanthu, agalu a pasipaza anayambiranso kuuwa amuna anga monga amauwira aliyense. Mpikisano wina sanalowenso, ndipo bwana anatenga njinga yake.

Ku Joni tinakhalako zaka zina zingapo, kusunga pang'onopang'ono monga amachitira anthu onse. Tsiku limene tinafika kumudzi, mwana wamng'ono uja anali atapita kusukulu. Ndinakhala pakhonde kumudikira, maso ali kunjira. Anatulukira atavala yunifolomu, wamtali kundifika paphewa. Ataona alendo anaika mabuku pansi, anabwera mwaulemu monga anamuphunzitsira agogo ake, anagwada patali pang'ono n'kunena, "Mwayenda bwanji anti?"