Dothi Loyamba pa Bokosi la Atate

Ndinadzuka kusanache, msana utauma ngati chikopa. Ndinali nditagona pa katoni pafupi ndi moto, ndipo motowo unali utasanduka phulusa. Kuzizira kwa Juni kochokera kumtsinje kunali kutandilowa m'mafupa. Nditatembenuka ndinaona chimene chinkandiwawa masiku onse atatu a maliro a atate: mlamu wanga ali pa sofa, atamufunditsa mabulangete awiri.

Mlamu wangayo ndi mzungu. Anabadwira pa famu ku Shimabala, amakonza mapampu a madzi, ndipo anakwatira mlongo wanga Misozi, wobadwa pambuyo panga. Tsiku limene tinatulutsa mipando m'nyumba kuti azimayi apeze pogona, akuluakulu anamugwira dzanja n'kumukhazika pa sofa ya atate. Ine mwana woyamba, wamwamuna, anandilozera kireti ya mabotolo. Ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, ndimadziwa kumwetulira mtima ukutukwana.

Ndinkadzitonthoza kuti tsiku langa ndi lero. M'banja mwathu dothi loyamba pa bokosi amaponya mwana wamkulu wamwamuna, anthu onse akuona. Suti ndinali nditasankha kale m'belo langa, yakuda, ya mabatani atatu, imene ndinakana kugulitsa kwa abusa awiri.

Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayatsa kale moto. Ena ankadula kabichi, ena ankasankha kapenta, utsi ukuyenda pansipansi chifukwa cha nkhungu. Mbaula zonse pamenepo zinali zopanga atate. Anabwera ku Kafue kuchokera kum'mawa kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsalu, ndipo itatsekedwa anayamba kuwotcherera zitsulo pakhomo pathu ku Nangongwe. Anandiitana kuti ndiphunzire. Ndinakhala sabata imodzi, maso akutuluka misozi, ndinathawira kumsika. Amene anatola galasi lawo lakuda lowotcherera anali Misozi. Anthu ankaseka kuona mtsikana akuwotcherera geti, koma mageti ambiri a m'dera la Estates lero ndi a manja ake.

Dzuwa likutuluka, atate aang'ono, mng'ono wa malemu, anandikokera pambali pa chimbudzi.

"Atate ako anasiya mawu. Dothi loyamba ni la Misozi."

"Mkazi?"

"Anakamba kuti amene anagwira naye nchito ndiye ayambe kumuphimba."

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinati Misozi anene mbiri ya malemu, ine dothi. Anakana. Ndinati aike nkhata yoyamba ya maluwa, ine dothi. Anakana. Ndinayamba kuchoka pang'onopang'ono monga amachitira wogula, kuti andiitane. Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha.

"Nanga hafu hafu?"

"Suli pa msika pano, iwe."

Misozi anali akudutsa ndi ndowa ya madzi pamutu. Sanatiyang'ane, koma ndinadziwa kuti wamva.

Mawu a atatewo sanali achilendo. Ankakonda kutiuza kuti ali mnyamata ankagula nyama kudzera pa windo, chifukwa pakhomo la butchala pankalowa azungu okha. Ankati m'nyumba mwawo sadzapanga windo la munthu, kaya mkazi, kaya mkamwini wa khungu lililonse. Ndinkavomera bwino kwambiri pamene ankanena. Sindinkadziwa kuti tsiku lina nkhaniyo idzandidyera dothi langa.

Pofika eiti koloko anthu anali atadzaza mpaka pamsewu. Maminibasi a ku Lusaka anatsitsa achibale ovala magalasi akuda. Anabwera madala amene anagwira ntchito ndi atate, majekete awo akununkha m'sutikesi. Achinyamata a tchalitchi anamangirira masipika pa mtengo wa mango. Aliyense wofika ankayamba kukagwira chanza kwa mzungu pa sofa, ndi manja awiri, kenako n'kundifunsa ine kumene kuli madzi osamba m'manja.

Kenako anafika a chimbuya, azimayi achibemba amene pa maliro a ife akum'mawa amabwera kudzatiseka ndi kutipaka ufa. Wamkulu wawo, mayi wonenepa wogulitsa nsomba, anandiona ndikubisala kuseri kwa lole.

"Shani, ba suti? Mufuna kukwatira kumanda?"

Anandithira ufa kuyambira kumutu mpaka m'matumba. Anapaka atate aang'ono, anapaka Misozi, anapaka ndi makanda omwe. Atafika pa sofa anapinda mawondo, anapereka moni, n'kudutsa. Ndinayang'ana jekete ya mlamu wanga, yoyera bwino yopanda kadontho.

Titatha kuona nkhope, tinanyamuka. Bokosi linali pa lole, azimayi atalizungulira akuimba. Nkhungu inali itatha, dzuwa likuswa. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anaimirira, ena anavula zipewa. Mlamu wanga anamukweza kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Ine ndinapachikika kumbuyo, fumbi likusakanikirana ndi ufa.

Kumanda mlamu anamuikanso pampando woyamba mu tenti. Abusa analalikira nthawi yaitali. Bokosi litatsitsidwa, atate aang'ono anatapa dothi ndi fosholo n'kuitana dzina la Misozi. Kumbali ya azimayi kunamveka kung'ung'udza. Mdala wina anatsokomola mwadala. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Misozi anatapa dothi lodzaza dzanja. Sanaponye. Anabwera pamene ndinaima, anatsegula chikhatho changa n'kuthiramo lina.

"Hafu hafu, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Mwawina."

Tinaponya pamodzi. Linagunda bokosi ndi phokoso limodzi, ndipo apo m'pamene ndinalira koyamba chimwalirireni atate. Koma ndinene zoona: ngakhale ndikulira, diso langa la pamsika linali litaona kuti lake linali lambiri.

Pokwirira, amuna amasinthana mafosholo. Fosholo ya kumanda sapatsirana pamanja. Wotopa amaigoneka pansi, wina n'kuitola. Mnyamata wina atagoneka yake, anaitola Misozi. Palibe amene anamupatsa, choncho panalibe womudzudzula. Anakwirira chitenje atamanga m'chiuno, mofulumira kuposa amuna awiri amene anali naye. Ataigoneka, mlamu wanga anali atatuluka kale mu tenti. Madala awiri anathamangira kumuletsa.

"Bwana, khalani pansi, muzadetsa zovala."

"Sindine bwana. Ni apongozi anga awa. Masiku atatu palibe wanituma olo madzi."

Anatola fosholo. Mayi wa nsomba uja anamuyang'ana kwa kanthawi, anapisa dzanja m'pepala lake, n'kumuthira ufa wonse wotsala pamutu.

"Ufa siuoneka pali iwe," anatero, "koma walowa."

Anthu anaseka mpaka abusa anabisa nkhope m'Baibulo. Mlamu wanga ankakwirira akumwetulira ngati wapatsidwa munda. Apo ndinazindikira kuti masiku onse aja ine ndikusirira sofa yake, iye ankasirira kireti yanga. Ndinavula suti, ndinadikira kuti fosholo igone pansi, ndinaitola wachitatu.

Madzulo anthu anali atapita. Panatsala phulusa pabwalo ndi mbale za eni ake zoti tibweze mawa. Ine ndi mlamu tinalowetsa sofa m'nyumba, iye kutsogolo, ine ndikumukalipira kuti akhotetse bwino pakhomo, ndipo ankaoneka kuti kukalipiridwako kukumukomera. Titaiika pamalo pake palibe amene anakhalapo. Tinakhala pansi atatu, ufa udakali m'makutu. Galasi lakuda la atate linali pa msomali pomwe ankalisiya.

Patapita nthawi ndinati, "Misozi, lija dothi, lako linali lambiri."

Sanatsegule ndi maso omwe.

"Manja anga ni akulu, achimwene. Ni a nchito."

Ndinayang'ana manja anga, osalala, ozolowera kupinda malaya. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalandira mtengo woyamba osatsitsa.