Chipata cha linga lathu

Ana a masiku ano akamva mawu akuti chipata amaganiza za geti lalikulu lolowa ngolo. Ndimangowayang'ana. Kwathu ku Chintheche, ndili kamtsikana, chipata chinali kampata kosiyidwa pakati pa mitengo ya linga, mpanda umene tinkabisalamo ankhondo akatsika kumapiri. Mawuwo ndi pachibale ndi mpata, ndipo sankanama: polowa unkagwada, kupendeketsa mapewa, mmodzimmodzi. Mfuu ikamveka, anthu ankathamangira pamenepo, kenako amuna ankagwetsapo mipiringidzo. Chikatsekedwa sichinkatsegulidwa, alire ndani kunja.

Tsiku lina masana ine ndi amayi tinali kudambo kuvuula chinangwa chimene tinaviika. Mfuu inamveka. Tinataya madengu, liwiro. Pachipata amayi anandikankha pamsana ndipo ndinagwera mkati chafufumimba. Iwo asanagwade, asibweni, mlongo wawo weniweni, anatulukira kuchokera kunyanja atasenza ukonde wawo, nawadutsa. Ukondewo anaupota okha ndi luzi chilimwe chonse, ndipo ankaulankhula ngati mwana.

Asibweniwo analowa bwinobwino, koma ukonde unakodwa pa ziputu za mitengo, n'kutseka mpata wonse. Munthu wina anasolola mpeni.

"Musadule!" anakuwa asibweni. "Wodula aona!"

Anakhala pansi n'kuyamba kuwonjola diso limodzilimodzi la ukondewo, modekha ngati ali pamchenga. Kudzera m'maso a ukondewo ndinkaona mawondo a amayi.

"Alongo, fulumirani," anatero amayi. "Afika pa chinangwa."

"Leka phokoso, ukundisokoneza."

Amayi sanakuwe. Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti ngakhale pamenepo anasunga ulemu. Anangoti, "Alongo, chonde."

Ukonde utalowa wonse, zishango zinali zitaoneka kale pakati pa mitengo. Mipiringidzo inagwa. Ndinaluma dzanja la mayi wina amene anandigwira, koma sanandisiye. Kunja kunamveka mapazi ambiri, ndi mawu a amayi akundiitana, akunka natalikira. Sindinawaonenso.

Ndakalamba, ndine wa mpingo, ndipo andiphunzitsa kukhululuka. Ankhondo aja ndinawakhululukira kalekale, sindinkawadziwa. Asibweni ayi.

M'mawa mwake chipata chitatsegulidwa, amuna anatuluka kukalondola mapazi. Asibweni anatsala. Anayala ukonde wawo pabwalo, nauyendera mbali zonse chowerama. Atafika pamene ndinakhala ine, anandisuntha ndi phazi kuti aone bwino, kenako anapumira m'mwamba.

"Mwayi wake," anatero. "Sunang'ambike."