Buluku la a Gasiwatha

Buluku la a Gasiwatha linang'ambika iwo ali pamwamba pa makwerero, m'saluni ya apongozi awo, pamaso pa azimayi amene anandanda pabenchi kudikira kulukidwa tsitsi. Silinang'ambike mwaulemu ayi. Linalira kuti kwaa! kuyambira palamba kutsikira m'munsi, moti mayi wina amene ankatsukidwa m'mutu ali chitsinzinire anafunsa ngati eyakoni yaphulika.

Dzina limeneli si la makolo. Bambowa ndi mmisiri wa mafiriji ndi maeyakoni, makina aja opachika pakhoma oziziritsa m'chipinda, ndipo chiwadziwireni mumsewu muno matenda a makina amawatchula asanatule n'komwe bokosi la zida. Amangoika dzanja potulukira mphepo, n'kupukusa mutu: "Gasi watha." Ena amati wailesi ya akazi awo itasiya kulankhula ananenanso zomwezo, koma izi n'zongomva. Kunena chilungamo, nthawi zambiri amalondola, ndipo ntchito yawo ndi yaukhondo. Akazi awowo anawapezera m'saluni yomweyi, atabwera kudzakonza kafiriji ka madzi akumwa. Kafirijiko kanatenga miyezi kuti kachire, ndipo kanachira ukwati utatheka.

Eyakoni ya m'saluni anaiika okha, monga mkamwini wofuna kuonetsa kuti mwana wa eni sanagwere m'manja mwa munthu wamba. Mapaipi anapinda okha, manati anamanga okha. Ndiye itayamba kupuma mpweya wofunda m'nyengo yotentha, dzina lawo lomwe linawatembenukira. Gasi wa m'makina amenewa sangotha ngati mafuta a galimoto. Akatha ndiye kuti penapake pabooka, ndipo pa makina atsopano pobookapo pamakhala pamene mmisiri analumikiza mapaipi. Apongozi anazimva izi kwa kasitomala wina wodziwadziwa, ndipo anatuma mwana wawo kuti akauze mwamuna wake kuti zikakanikanso aitana mmisiri wina. Nanga mkamwini amene apongozi ake enieni amulambalala, ndani mumsewu muno angamuitanenso?

Chimene chinkawaumitsa mutu n'chakuti makinawo ankachira akangowaona. Akaimbiridwa foni n'kufika, ankapeza chipinda chili zii. Akapita kuseri, kumene kuli bokosi lakunja la eyakoniyo, n'kulumikiza geji yoyezera gasi, singano inkaima pabwino. Akachoka, pofika mawa masana azimayi ali thukuta kamukamu, akudzikupiza ndi makatoni.

"Imakuopani, alamu," oluka tsitsi ankawaseka. "Bwanji tikuikireni mpando muzikhala pompano?"

Iwo sankaseka. Ankadziwa kuti pali timabowo tina tochenjera, totaya gasi pang'onopang'ono, ndipo mumtima anali atavomera kale kuti dzanja lawo linalakwa penapake.

Tsiku la bulukulo sanadikire foni. Anatulukira dzuwa lili paliwombo, anapereka moni kwa apongozi atavula chipewa, n'kukwera makwerero kuti atsegule makina a m'kati. Mphepo inali yofundadi. Potambasula mwendo kuti afikire paipi, ndi pamene zinachitika zija.

Anatsika chafutambuyo, chipewa chitaphimba pamene pamayenera kuphimbidwa, n'kutulukira khomo lakuseri. Kumeneko anayang'ana chofunda, ndipo sanavutike: bokosi lakunja lija linali litavekedwa mathawulo onyowa kuyambira pamwamba mpaka pansi, mawigi ochapidwa atapachikidwa pamawaya a kutsogolo kwake ngati mitu ya anthu pamsonkhano. Anatsomphola thawulo lalikulu n'kulikulunga m'chiuno. Kenaka anaima chilili.

Bokosi limenelo ntchito yake ndi kutaya kunja kutentha kwa m'chipinda. Likatsekedwa pakamwa limabanika, limatentha, n'kudzizimitsa lokha. Anachotsa mathawulo onse ndi mawigi omwe, n'kudikira. Patapita kanthawi makina anaguguda, fani inayamba kuzungulira, ndipo m'saluni munamveka mawu: "Yabwera! Yabwera mphepo!"

Komabe mtima sunakhale pansi. Anasuzumira pazenera n'kupempha bokosi lawo la zida ndi botolo la shampu. Anapaka thovu pa nati iliyonse imene anamanga, n'kugwada, thawulo lili m'chiuno, kuyang'ana ngati thovulo litukumuke monga limachitira pamene gasi akuthawira. Linangokhala phee. Geji nayo inati gasi ndi wokwanira. Akuti bambo aja anakhala pansi pasimenti n'kuseka okha.

Zinadziwika pambuyo pake kuti nzeru yoyanika pamenepo inali ya apongozi. Anaona mphepo yotentha ikungotayika, mathawulo akuchedwa kuuma, n'kuti bwanji osaigwiritsa ntchito. Ndipo poti ndi mayi waulemu, akangoimbira foni mkamwini ankalamula kuti zonse zianulidwe msanga, kuti asadzaone mawigi ali pambalambanda, makamaka poti ina mwa mawigiwo inali yawo.

Kodi apongozi umawauza bwanji zoterezi? A Gasiwatha anakhoma misomali kukhoma lina la kuseriko, kumene kumafika dzuwa, n'kumanga chingwe, n'kuyanikapo zonse mwadongosolo. Atatero anaima pakhomo.

"Amayi, gasi alipo, ndipo palibe pobooka. Kungoti makinawa safuna kuvekedwa zovala. Ndakukonzerani poyanika pena."

Apongozi anayang'ana chingwecho, anayang'ana wigi yawo, anayang'ana thawulo la m'chiuno mwa mkamwini.

"Zikomo, akamwini. Thawulolo mubweze mawa, musathamange nalo."

Za mmisiri wina sizinamvekenso. Chichitikireni zimenezi, a Gasiwatha amayamba azungulira kuseri asanatchule matenda, ngakhale dzinalo lakana kuchoka.

Bulukulo analipereka kwa mayi wosoka wa khomo loyandikana ndi saluni, amene zonsezi ankazionera pazenera lake. Mayiyo analitambasula m'mwamba, analowetsa mkono pong'ambikapo mpaka m'chigongono, n'kunena mokweza kuti msewu wonse umve:

"Mwavutika nyengo yonseyi kufuna pobooka, achimwene. Si apa? Ndipo musanamizire nsalu, mwanenepa."