Madala a Thabwa Lalitali

Madala oyandikana nafe nyumba kuno kugombe la nyanja ku Bundoran amayenda ngati bakha, thabwa lawo lokwerera mafunde lili pamutu. Ndikawatsanzira, mpaka galu wawo amanditsatira. Ukawafunsa kuti luso lawo lafika pati, amakoka mphuno n'kuti, "Ndikuphunzira, mwanawe."

Tsiku la mpikisano wokwera mafunde, mphunzitsi watsopano, Cathal, anatipatsa mapepala kuti aliyense adziyese yekha. Enafe tonse tinalemba "katswiri". Madala analemba "wophunzira".

"Ndiye inu madala mukasewere kosaya ndi ana," anatero Cathal. "Mafunde a lero si anu."

Malo amene akhala akudikirirapo mafunde zaka makumi anayi, awalande ndi kapepala? Madala anangopalasa pambuyo pathu.

Chifunde chitabwera, akatswirife tinamwa madzi, miyendo m'mwamba. Nditavuuka ndinaona madala ali chilili pathabwa, manja kumbuyo ngati akukagula buledi, ulendo mpaka kumchenga.

Cathal anawapatsa mapepala onse ndi cholembera. "Tatiyesani ndinu, bambo."

Pa langa anafufuta "katswiri" mosafulumira, n'kulemba kuti, "Amadziwa kusambira." Ndinakalimata pafiriji, aliyense wobwera kwathu aziona.