Mphindi Ziwiri za a Delmar

A Delmar Kinnison anabadwira, kukulira ndi kukalambira pa famu imodzi ya ng'ombe kumpoto kwa tauni ya Lusk, m'chigawo cha Wyoming, kumene mphepo inayamba kuwomba agogo awo ali khanda ndipo mpaka lero sinapumeko. Makalata akwathu amangowaponya m'mwamba ku mzinda wa Casper, pofika masana afika okha ndi mphepoyo.

Kwathu munthu sayamba ndi chimene wabwerera. Amayamba ndi nyengo, kenako udzu, kenako msewu, ndipo nkhani yeniyeni amaitchula dzanja lili kale pa chitseko cha galimoto. A Delmar mwambo umenewu ankausunga kuposa mpingo. Pofunsira akazi awo, a Noreen, anayamba ndi matalala mu Meyi ndipo mawu a ukwati anawafikira mu Okutobala. Khola lawo litayaka moto anaimbira ozimitsa moto, nawafotokozera bwinobwino za chilala. Galimoto inafika phulusa litazizira.

Singano sankaiopa. Anabaya mathole ochuluka kuposa anthu a mu Wyoming yense, ndiye katemera wa mliri uja atafika, anali oyamba pa mzere, malaya atapinda kale. Anamuuzanso namwino kuti akuchedwa, iwo akanabaya makumi anayi pa nthawi imeneyo.

Vuto linali a Noreen. Anaphikira nkhalamba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ku nyumba yosamalira okalamba ya m'tauni, ndipo ankadziwa amene alibe mano, amene amabisa shuga m'sokosi, ndi amene sadya nyemba kuyambira nthawi ya nkhondo. Kenako panabwera kalata: aliyense abayitse pofika Disembala, apo ayi ntchito yatha.

"Kodi ukuopa singano, mayi?" anafunsa a Delmar.

"Singano? Ine ndinabereka anyamata atatu a mitu ngati yanuyo. Akanandipempha ndikanapita dzulo. Koma andilamula."

"Ndiye kusiyana kwake n'chiyani? Mkono ndi womwewo."

"N'chifukwa chake ng'ombe zimakukondani, bambo. Mumaganiza mofanana."

Mwezi womwewo aphungu a chigawo chathu anakumana ku likulu, ku Cheyenne, kukambirana lamulo loletsa boma ndi olemba ntchito kukakamiza anthu katemera. Aliyense ankaloledwa kukalankhula pamaso pa komiti, mphindi ziwiri basi. A Noreen sakanasiya nkhalamba makumi asanu ndi limodzi ndi njala, choncho anatuma amuna awo. Anawalembera mawu atatu okha pa kapepala: ntchito, zaka, ufulu.

"Muwerenge zimenezi. Za mvula musatchule."

"Ndine mwana ine?"

A Delmar anavala malaya a ku maliro, nayendetsa maola atatu. M'chipindamo munali anthu odzaza. Dokotala wina anati popanda katemera zipatala zidzasefukira. Mayi wina anati thupi ndi lake. Onse ankalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, ndipo a Delmar anawamvera chisoni poona kuti sanaleredwe bwino. Dzina lawo litaitanidwa anavula chipewa, nakhala pansi, kanyali kobiriwira kowerengera nthawi n'kuyaka patsogolo pawo.

"A pampando, ndi aphungu nonse," anatero. "Kwauma."

A pampando, amenenso anali mlimi wa ng'ombe, anagwedeza mutu movomereza. Sakanachitira mwina.

"Kwathu chiyambire Juni tangolandira timadontho tiwiri, ndipo kamodzi kanagwera kwa aneba. Udzu wafupika moti mbewa zikudya chogwada. Msewu wochokera ku Torrington uli bwino, kupatula pa mlatho paja."

Kanyali kanasanduka kachikasu. A Delmar anaona kuti maziko aikidwa, tsopano akhoza kumanga. Anatulutsa kapepala, nafufuza magalasi m'matumba onse anayi.

"Tsopano, akazi anga…"

Kanyali kanafiira.

"Zikomo, a Kinnison," anatero a pampando. "Alipo ali ndi funso?"

Phungu wina wachikulire anakweza dzanja. Mtima wa a Delmar unakhala pansi, poti mafunso alibe malire a nthawi.

"Mlatho wake uti?"

Anamufotokozera mokwanira, pamodzi ndi njira yolambalala.

A Noreen anaonera zonsezi pa foni ali kukhitchini, antchito anzawo asanu atawazungulira. Amuna awo atafika kunyumba anapeza chakudya chili patebulo, chozizira ngati mwala wa pamanda.

"Mwalankhula bwino, bambo. Boma lonse tsopano likudziwa za mbewa."

"Anandidula pakati."

"Pakati? Inu munali musanatuluke nkomwe m'khola."

Lamulo linadutsa ndithu, koma litametedwa mbali zonse. Malo olandira thandizo kuchokera ku boma lalikulu la dziko lonse, monga kuntchito kwa a Noreen, silinawakhudze. A Delmar anayesa kufotokoza kuti ngakhale akanawerenga kapepala konse sizikanasintha kanthu. A Noreen anati zimenezo sizidzadziwika mpaka kalekale.

Lachisanu lomaliza Disembala asanafike, a Noreen anaphika nyama yamphika ndi mbatata, napukuta mbaula, napachika epuloni, nakasiya makiyi pa desiki ya bwana asanawafunse. Nkhalamba ina inalira. Ina inafunsa ngati mawa kuli phala.

Loweruka m'mawa anawadzutsa amuna awo. "Tulutsani galimoto. Ndikukabayitsa."

A Delmar anadzuka, nafunsa: "Lero?"

"Lero palibe akundilamula. Ndine lova."

Anabayitsa osaphethira. Lolemba anapita kukapempha ntchito ku nyumba yomwe ija, khadi la katemera lili m'manja. Bwana anati malamulo ndi malamulo, wosiya yekha amayambira pansi. Anawapatsa fomu yofunsa ngati anaphikirapo gulu, ndipo a Noreen analemba kuti pang'ono.

Panopa amasenda mbatata pansi pa Kaylee, mayi amene a Noreen anamuphunzitsa okha kuwiritsa dzira. Ali pa miyezi itatu yoyesedwa. Kaylee akafuna anyezi sanena kuti dulani anyezi. Amaima chapatali, nayang'ana kudenga, n'kunena kuti kaya alipo amene angakonde kudula.