Mpunga pa Wufa

Linali Loweruka, sabata yachiwiri titamaliza kumweta mpunga, nthawi ili 8 koloko m'mawa, pamene ndinadina pamalo pomwe bambo a mwana wanga anandiletsa kudina.

Iwo anali ku chilumba cha Chisi. Anapita Lachinayi kukagula matemba poganiza kuti abwerera Lachisanu, koma mwera unakuntha masiku awiri ndipo eni maboti anakana kuwoloka. Chonsecho Loweruka lomwelo kunali chinkhoswe m'mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo zoimbira zinali zathu.

Zoimbirazo ndi ampu yaing'ono ngati njerwa ziwiri, imene mng'ono wawo wa ku Joni anatumiza, masipika awiri oimika pamitengo, ndi wufa, chisipika chachikulu chogunda ngati ng'oma chimene amuna awiri amanyamula akubuula. Ampuyo ili ndi chopotokola chimodzi chokha. Zina zonse zimachitikira m'foni, nyimbo nazo zimabwera pa netiweki. Ili ndi foni yakeyake, yosweka galasi pakona, imene imagona m'chikwama cha mawaya. Chibwerereni katunduyu lamulo linali limodzi: "Fumbi upukute, koma foni iyi usaigwire." Sindinkadandaula. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo Chingerezi cha m'foni chinkandiopsa ngati kalata ya kupolisi.

Lachisanu madzulo bambo a mwana anandiimbira.

"Achimwene anyamula katundu pangolo. Iwe upite nawo, mawaya umaona ndikamalumikiza. Ukangoyatsa, udine nyimbo, basi. China chilichonse chikatuluka pagalasi usachigwire."

"Ine pagulu?"

"Ndani akakuyang'ane? Anthu akakhala akuyang'ana mkwatibwi."

Tinafika m'mawa, ine ndi alamu angawo, mwana ali kumbuyo. Eni chinkhoswe anali atamanga chisakasa cha malona pabwalo. Mawaya ndinalumikiza bwinobwino, wofiira pofiira, wakuda pakuda, batire la sola tinaliika pamthunzi. Nditatsegula foni, panatuluka kabokosi kotchinga mayina a nyimbo. Mawu amodzi okha ndinawazindikira, apudeti, chifukwa ndinkawamva bambo a mwana akuwatchula. Ndinadina pambali, kabokosi kanachoka n'kubweranso. Ndinadinanso, kanabweranso. Mwana anali akukoka duku langa, azimayi akupheta mpunga chapafupi akundiyang'ana. Ndinadina pabuluu, poganiza kuti ndiye khomo.

Nyimbo sinalire. Kanyali ka pa ampu kanayamba kuphethira, ndipo pagalasi panabwera kamzere koyenda ngati nkhono.

"Mwaipha, alamu," anatero alamu anga. "Dikirani ndizule waya tiyambirenso. Wailesi ikachita misala timachotsa mabatire."

Anawerama, dzanja lili kale pa waya. Pamenepo ndinakumbukira masana ena bambo a mwana atakhala pafupi ndi ampu ikuphethira chimodzimodzi, akuthamangitsa ngakhale nkhuku kuti isaponde waya. Anati ikamatero imakhala ikumeza nzeru zatsopano, ndipo ukaidula moto pakati imafa osadzukanso.

Ndinawagwira pamkono. Chikwatiwireni, alamu anga ndinali ndisanawayang'anepo n'kumaso komwe.

"Musazule."

"Ha! Lero mwayankhula? Ine ndimayesa mng'ono wanga anakwatira chithunzi."

"Musazule, alamu. Ndapota nanu."

Anakhala pa ngolo akuseka, ine nditanjuta pafupi ndi waya ngati nkhuku pa mazira. Kamzere kaja kanafika kumapeto, nyali inasiya kuphethira, nyimbo inalira. Mtima unatsika, koma pang'ono pokha.

Kulira kwake sikunali kuja. Woimba ankamveka ngati walowetsa mutu m'diramu. Wufa inkangoti buu, buu, malata a pakhonde akunjenjemera. Amalume a mkwatibwi, amene anali ankhoswe a kuchikazi, bambo wamkulu thupi wa mawu a pansi, anatenga maiki kuti ayese. Chimene chinatuluka chinali ngati ng'ombe yotsekeredwa m'khola.

"Amalume, mwameza chule kodi?" anakuwa mayi wina kophikira, onse n'kufa nazo.

Amalumewo sanaseke. Anabwera pamene ndinali.

"Mwini wake wa zinthuzi ali kuti?"

"Ali ku Chisi, bambo. Mwera."

"Mayi, chinkhoswe ndi mawu. Tikapatsana tambala ndi thadzi anthu osamva zimene tagwirizana, mboni ndi ndani? Nkhukuzo?" Anaitana wakabaza amene anaima pamsewu. "Ikakwana 10 zili chonchi, upite kumsika ukatenge zoimbira za mkulu uja."

Mkulu ujayo ndinkamudziwa. Ndi amene ankauza anthu kuti zoimbira za bambo a mwana wanga ndi zidole za m'foni, tsiku lina zidzachititsa munthu manyazi. Tsikulo linali litafika, ndipo chala chimene chinalibweretsa chinali changa. Ndinaganiza za katundu wathu akukwezedwanso pangolo anthu akuonerera, ndi bambo a mwana akumva nkhaniyo padoko asanafike n'komwe kunyumba. Ndinawaimbira katatu. Foni yawo sinkapezeka.

Ndinayang'ana pansi kuti misozi isaoneke, ndipo maso anga anagwera pa lichero la mayi amene ankapheta.

Kwathu wufa ija ndi thebulo langa. Ndi malo okhawo amene nkhuku ndi mwana safikira, choncho ndikamasankha mpunga lichero ndimaika pamwamba pake. Bambo a mwana akamayesa nyimbo masana, mpunga umadumpha ng'oma ikagunda, koma munthu akamaimba umagona phee. Ndinaziona kambirimbiri mpaka tsiku lina ndinafunsa. Anati m'foni muli chinthu chotchedwa kolosova, chimene chili ngati geti la pa ngalande ya ku Likangala: kugunda kolemera chimakutumiza ku wufa, mawu a anthu chimawatumiza ku masipika aang'ono. Ankandiuza akukankha kadontho pa kamzere kokhala ndi nambala. Nambalayo sindinaisunge. Ndinalibe nayo ntchito.

"Mayi, ndibwerekeniko licherolo, mpunga musiyemo dzanja limodzi."

"Mukufuna kuphikira pa wailesi?"

Ndinaliika pa wufa. Kenaka ndinachita chinthu chovuta kuposa zonse: ndinapita kwa amalume aja, ndinagwada.

"Bambo, tayankhulaninso pa maiki."

Atangoti "wanu, thu", mpunga wonse unanjenjemera. Ndinadziwa kuti apudeti ija yatsegula geti lonse, mawu awo akuthira ku wufa. Zimene bambo a mwana anakonza zinali zitafufutika.

M'foni sindinawerenge mawu. Ndinkangofuna chithunzi cha wufa, bokosi lokhala ndi diso limodzi pakati. Ndinalowa molakwika kawiri, ndikubwerera mwamsanga. Kachitatu ndinachipeza, ndi kamzere kaja pansi pake. Kadontho kanali kumapeto, pa 200.

"Yankhulanibe, bambo, musaleke."

"Ndiyankhule chiyani?"

"Chilichonse."

"Chabwino. Ine ndine malume wake wa mwana uyu. Ndadzuka nkhuku zisanatsike. Nkhuni ndawaza ndine, mbuzi ndasenda ndine, koma tiyi mpaka pano sindinamuone."

Ndinakankha kadontho chakumanzere. Pa 150 mpunga unkavinabe. Pa 120 mawu anayamba kutuluka m'diramu muja, azimayi kophikira anasiya kucheza. Pa 100 zinangotsala njere zochepa m'mphepete mwa lichero zimene zinkagwedezeka amalume akatsitsa mawu. Alamu anga anali atatsika pangolo, atasuzumira paphewa panga.

"Pomwepo, alamu, zakwana."

"Ayi, ukadali maso."

Ndinakankhanso pang'ono. Pa 80 mpunga unagona.

"Ndipo amene wabisa shuga ndikumudziwa, wavala chitenje chobiriwira!"

Mawu amenewo anamveka mbee mpaka kumsewu. Bwalo lonse linaphulika. Mayi wa chitenje chobiriwira, yemwe uja wa chule, anathawira kuseri kwa nyumba atagwira pamutu. Amalume anayang'ana maiki ngati aiona koyamba.

Ndinadina nyimbo. Ng'oma itagunda mpunga unadumpha wonse pamodzi, woimba atalowa unagonanso, ndipo liwu lake linali pamwamba, loyera. Ndinaimva ng'omayo m'chifuwa. Mwana kumbuyo anayamba kudzigwedeza. Wina anaimba nthungululu, ena n'kulandira.

"Iwe wakabaza, dzipita ukasake ena!" anakuwa alamu anga. "Kuno kuli injiniya!"

Tsiku lonse ndinakhala pampando pafupi ndi ampu. Ankhoswe akaimirira ndinkatsitsa nyimbo, akakhala ndinkakweza. Atabweretsa mkwatibwi wabodza atamufunditsa nsalu, kukana kwa akuchimuna kunamveka mpaka kwa ana amene anakwera mumtengo. Popatsana tambala ndi thadzi, liwu lililonse la mbali zonse ziwiri linafika kwa agogo okhala kumapeto kwa mphasa. Potseka, amalume anathokoza ophika, anathokoza amfumu, kenaka anati, "Ndi mayi wa zoimbira uyo, amene makutu ake ali mu lichero." Anthu anawomba m'manja. Ndinabisa nkhope pamutu pa mwana, koma pansi pa chitenje ndinkaseka.

Foni yanga inalira cha m'ma 4 tikumasula mawaya, anali bambo a mwana.

"Ndamva kuti wagwira foni ija."

"Ndagwira."

"Wadina apudeti?"

"Ndadina."

Ndinkamva mphepo kumbali kwawoko.

"Achimwene akuti unawagwira dzanja kuti asazule."

"Eee."

"Nanga kolosova waika pa chiyani?"

"Pa 80."

"Ine ndimaika pa 100. Wakuuza ndani?"

"Mpunga."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Usasinthe. Mphepo yayamba kugwa, mawa ndibwera ndi boti loyamba. Udzandionetse."

M'mawa mwake ndisanasese pabwalo, ndinatenga choko n'kulemba 80 kumbuyo kwa wufa, manambala akuluakulu. Ndinatapa mpunga dzanja limodzi, ndinaumanga m'kansalu, ndinauika m'chikwama cha mawaya pambali pa foni. Kenaka ndinaitulutsanso foniyo, ndinaiyatsa ndekha, ndinasankha nyimbo imene ndimaikonda ineyo, ndipo ndinasesa bwalo lonse ikulira.